Bwalo la a Kachingwe Linali Pamchenga

Chaka chakwana chimwalirireni a Kachingwe, ndipo ine ndakhala ndikuzengereza kulemba za iwo poopa kuwapaka ulemu umene eni ake sakanaulandira. Pamwambo wowatsanzika ku tchalitchi ku Hull tinawatama mpaka ndinayamba kukayika ngati m'bokosimo munalidi munthu amene ndinkamudziwa. Wina anaimirira n'kunena kuti malemuwa anali munthu wofatsa. Ofatsa a Kachingwe? Munthu amene anathamangitsa mbalame ndi ambulera pa Scarborough, azungu akujambula?

Mbalameyo inali imodzi mwa zoyera zija za kunyanja, zonenepa ngati nkhuku, zopanda manyazi. A Kachingwe anali atangotsegula pepala la tchipisi ndi nsomba n'kutsinzina kuti apemphere. Potsegula maso anapeza nsomba ili m'malere. Anailondola mbalameyo m'mbali mwa doko akuilalatira m'Chichewa, kuifunsa kuti inaleredwa ndi yani. Kuyambira pamenepo chakudya cha kunyanja ankachipempherera diso limodzi lili chipenyere, ndipo ankati Mulungu amamvetsa.

Ine ndinali dalaiva wawo. Sikuti anandilemba ntchito ayi, kungoti mwa Amalawi a ku Hull ndine amene ndinali ndi chilolezo choyendetsa minibasi. Chaka chilichonse sukulu zikatsekera mu Ogasiti, nyengo imene azungu amati yotentha koma ife timaona ngati Juni wa ku Dedza, tinkasonkhana a ku Hull, a ku Bradford, nthawi zina ndi a ku Liverpool, n'kubwereka minibasi ndi makalavani ogonamo m'mphepete mwa nyanja. Chaka china Bridlington ndi Filey, chaka china Scarborough mpaka Whitby, ndipo kamodzi tinadutsa dziko lonse kukaona magetsi a ku Blackpool. Ana ankadziwa kuti ndi tchuthi. Akuluakulufe tinkadziwa kuti takwera bwalo la milandu loyenda ndi matayala.

Pa milandu yonse imene inakambidwa pamaulendo amenewa, umene sindidzauiwala ndi wa Limbani ndi Tadala, banja limene tonsefe tinali titalitaya kale, kupatula a Kachingwe. Pofuna kulipulumutsa anatsala pang'ono kutimiza anthu asanu. Koma kuti mumvetse mmene tinakafikira pakati pa madzi, ndiyambe ndakuuzani mmene munthu wa njanji wa ku Ntcheu anasandukira nkhoswe wa theka la kumpoto kwa England.

Anafika ku Hull zaka za m'ma 2000 zitangoyamba, ali kale ndi imvi, mkazi wawo atamwalira, atagwira ntchito pa siteshoni ya sitima ku Balaka moyo wawo wonse. Chimene chinawachotsa kumudzi sankakonda kuchikamba, ndipo ife sitinkafunsa. Mapepala awo okhalira kuno anatenga zaka kuti atuluke, ndipo nthawi yonseyo lamulo silinkawalola kugwira ntchito. Wina akanangodzitsekera m'chipinda n'kumaonera TV mpaka kudwala maganizo. Iwo anayang'ana uku ndi uku n'kuona ntchito imene panalibe woigwira. Ambirife tinabwera awiriawiri, mwamuna ndi mkazi, amalume onse tinawasiya kumudzi. Banja likagwedezeka panalibe kothawira. Ukati uimbire ankhoswe enieni ndi kakhadi kogula pashopu ya pakona, mphindi zinkatha musanamalize n'komwe malonje. Ndiye a Kachingwe anangokhala malume wa aliyense. Kuchikazi kunkaimira a Nankhoma a ku Bradford, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba.

Mlandu wawo woyamba anaukambira m'nyumba ku Bradford, mu nyumba zogundizana zija zimene ukayetsemula neba amamva. Nkhani itafika pamponda chimera a Nankhoma anakweza mawu, mkazi analira, mwamuna anamenya tebulo. Neba wawo, mayi wachizungu wamtima wabwino, anaganiza kuti wina akuphedwa ndipo anaitana apolisi. Apolisi anapeza anthu atazungulira tiyi ndi Baibulo, anafunsa mafunso awo mwaulemu n'kumapita. Enafe tinaseka, koma a Kachingwe sanaseke. Munthu amene akudikira mapepala akaona yunifolomu pakhomo, chakudya chimakana kutsika sabata yathunthu. Analumbira kuti sadzakambanso nkhani ya banja pakati pa makoma a dziko lino.

Njira anakaipeza ku Bridlington, paulendo wa tchalitchi. Anaona agogo awiri achizungu, mwamuna ndi mkazi, ataima pamchenga akukalipirana, manja ali m'mwamba. A Kachingwe anasendera pafupi, pakuti nkhani za eni ankazikonda, koma sanamve ngakhale liwu limodzi. Mphepo inkatenga zonse. Anabwera kwa ine nkhope ikuwala ngati munthu amene watola chikwama, n'kundiuza kuti bwalo lapezeka, lalikulu, laulere, ndipo mwini wake saimbira apolisi.

Kachitidwe kake kanali kotere. M'mawa wonyamuka ankaima pakhomo la minibasi ngati kondakitala. Ukawamva akuti, "Inu ndi amayi mukhale kumbuyoko," unkadziwa kuti chaka chino zakugwera. Tikafika, tikadya, ana akabalalika ndi tizidebe tawo, iwo ankaimirira, kusansa chipewa, n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa madzi. A Nankhoma ankatsatira, ndipo banja loitanidwalo linkatsatira m'mbuyo mitu ili pansi. Akafika kopanda anthu ankawaimika onse awiri moyang'ana nyanja. Kuyang'anana kunali koletsedwa, chifukwa ankati anthu okwiyirana akamaonana m'maso samvetsera, amangofufuza pobaya. Mkazi ndiye ankayamba. Ukafuna kukuwa unkakuwa, ukafuna kulira unkalira, misozi n'kunamizira mphepo. Ankakondanso kunena kuti munthu sungakwiye nthawi yaitali ukunjenjemera ndi kuzizira, ndipo pamenepa ndiwavomereze, nyanja ya kumpoto inathetsa milandu yambiri kuposa nzeru zawo.

Zonsezi ankachita atavala suti ya bulauni, tayi, ndi nsapato zopolisha, pakati pa azungu ogona pamchenga atavala tinsanza. Madzi sankawakhudza ngakhale ndi chala. Anali mwana wa kumapiri, ndipo ankati madzi amene amawakhulupirira ndi a m'kapu okha. Koma matauni a kunyanjawo ankawakonda ngati kwawo. Ankapereka moni kwa nkhalamba iliyonse yokhala pabenchi, mpaka ku Filey kunali agogo ena amene ankawadikira chaka ndi chaka. Ku Whitby anakwera masitepe onse opita ku tchalitchi chapaphiri, akupuma pena ndi pena ponamizira kuonera maboti. Abulu onyamula ana pamchenga ankawayang'ana ndi kaduka, ati abulu a kuno anabadwira pa penshoni. Nsanja ya ku Blackpool yokha ndiyo anakana kukwera. Anati ngati Mulungu akuwafuna kumwamba awaitane bwinobwino.

Ndi a Nankhoma ankakangana kuyambira pa Hull mpaka pobwerera. A Nankhoma ankanyamula mapoto a mpunga ndi nkhuku, a Kachingwe n'kukagula tchipisi ndi nsomba, kenaka n'kumadandaula kuti nsomba yopanda mutu ndi yokayikitsa, sudziwa kuti ukudya yani. A Nankhoma ankati ngati n'choncho adye mpunga. Iwo ankati mpunga adzadya pamaliro. Pankhani ya milandu ndiye panali nkhondo yeniyeni. A Nankhoma ankati a Kachingwe amakondera amuna, iwo n'kumati a Nankhoma amagamula mlandu ali m'bafa ku Bradford, asanamve mbali iliyonse. Poti onse anali amasiye, anthu ankawaseka kuti bwanji osangokwatirana. A Kachingwe ankayankha kuti maganizowo si oipa, koma vuto ndi lakuti iwo akakangana adzawayendetsa pamchenga ndani.

Sindikunamizani kuti banja lililonse limene anayenda nalo linapulumuka. Lina linabwerera kuchokera kumadzi ku Filey, mkazi n'kutenga chikwama chake kupita kukakwera sitima. Tsiku limenelo a Kachingwe sanadye. Anakhala mu minibasi okhaokha chipewa chili pamaondo, ndipo ine ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa banja la mwini likatha iwo ankalilira ngati lawo.

Limbani kumudzi anali mphunzitsi wa sekondale. Tadala anali namwino, ndipo ndiye anapeza ntchito pachipatala ku Hull, mwamuna n'kubwera pa viza ya mkazi wake. Kuno Limbani ankanyamula makatoni kumalo osungira katundu, akaweruka n'kumalera mwana wawo Chisomo. Tsiku lina Tadala anamumva akuuza amayi ake pafoni kuti iye ndiye anabweretsa mkazi wake ku England n'kumupezera ntchito. Tadala anazisunga mumtima mpaka Lamlungu lina kunyumba kutadzaza alendo. Limbani atamudzudzula pa kankhani kakang'ono, iye anayankha anthu onse akumva kuti munthu wokhala m'dziko pa viza ya mnzake azilankhula motsitsa. Ine ndinalipo. Madzi akatayika saoleka. Kuchokera tsiku limenelo awiriwa sanalankhulanenso. Ankatumizirana mameseji pafoni, wina ali pabalaza wina kukhitchini. Pofika Ogasiti tinamva kuti Tadala wapeza ntchito ina ku Liverpool ndipo akufuna kupita ndi mwana. Anavomera kubwera paulendowo chifukwa cholemekeza a Kachingwe basi.

Chaka chimenecho tinapita ku Cleethorpes, kumene tinali tisanapiteko, kutsidya kwa mlatho waukulu wa pa Humber. Titatsika, ana anathamangira kukhoma la m'mphepete n'kuima kakasi.

"Uncle, where's the sea?" anafunsa Chisomo.

Nyanja kunalibe. Kunali mchenga wokhawokha mpaka kumene maso amalekezera, ndipo kutali kwenikweni kunkaoneka kamzere kowala. A Kachingwe anakondwa ngati apatsidwa munda. Pafupi ndi khoma panali anthu ochuluka, ndiye titadya anasansa chipewa n'kulunjika ku kamzere kaja. Ine anandiuza kuti nditsatire nditanyamula mpando wopinda wa a Nankhoma, amene maondo ankawavuta.

Tinayenda mtunda ndithu. Panjira tinakumana ndi bambo wina wachizungu atanyamula chidebe cha nyongolotsi zowedzera, akubwerera kumtunda.

"Tide's turning. I wouldn't go much further," anatero bamboyo, kutichenjeza kuti madzi ayamba kubwerera, tisapitirire.

A Kachingwe anavula chipewa n'kumuthokoza kwambiri. Atadutsa anatiuza kuti tisade nkhawa. Nyanja ili kutsogolo kwathu, ikamabwera tiiona monga timaionera ku Bridlington, ndipo miyendo tili nayo. Zinamveka zanzeru. Kwathu nyanja umaipeza pamene unaisiya dzulo, ndipo palibe mmodzi wa ife amene ankadziwa kuti mchenga umene tinapondapo unali chitunda, kumbuyo kwake kuli khwawa.

Anawaimika awiriwo moyang'ana madzi, a Nankhoma anakhala pampando, ine ndinaima chapatali koma osati potalika kwenikweni.

"Mayi a Chisomo, yambani," anatero a Kachingwe.

"Malume, ine ndatopa," anatero Tadala. "Ndimachoka ku shifiti miyendo itatupa, ndikafika pakhomo munthu sandiyankha ngakhale moni. Ndikukhala ndi mwamuna kapena ndi foni?"

"Bambo a Chisomo?"

"Ine ndinali mphunzitsi, malume," anatero Limbani. "Ana ankaimirira ndikalowa m'kalasi. Lero ndimanyamula makatoni, ndimachapa zovala za mwana, sindinadandaulepo. Ndiye andikumbutse pagulu kuti ndine katundu wa m'chikwama chawo?"

"Nanga inu munawauza chiyani amayi anu pafoni? Kuti munandibweretsa ndinu? Mayeso aja analemba ndinu?"

"Eya, afunseni!" anakuwa a Nankhoma ali pampando.

"A Nankhoma, simunapatsidwe mpata," anatero a Kachingwe.

"Mpata ndipatsidwe ndi inu? Mchengawu ndi wa agogo anu?"

Ankhoswe anayamba kukangana okhaokha, eni mlandu atangoima. Anawaduladula ndi Tadala, mofatsa.

"Malume, musavutike. Ntchito ya ku Liverpool ndavomera. Tikabwerera ndikukapereka notisi."

Limbani anangoyang'ana nsapato zake. A Kachingwe anavula chipewa n'kumachitembenuza m'manja. Mlandu unali utawakanika. Mtima wanga unawawa, chifukwa ndinkawakonda ana awiriwa.

"Kodi mpandowu ukumira bwanji?" anafunsa a Nankhoma.

Tinayang'ana pansi, kenaka tinacheuka. Chakudza sichiimba ng'oma. Nyanja imene tinkaidikira kutsogolo inali itatizungulira mwakachetechete, ndipo pakati pa ife ndi kumtunda panali mtsinje wotakata, wothamanga, umene sunalipo pobwera. Kutsidya kwake kunali bambo wa nyongolotsi uja akukupiza manja, kutilozera chakumanzere kumene kunali kosaya, n'kumakuwa kuti tifulumire.

A Nankhoma sanafunse chilolezo. Anandikolekera mikono m'khosi n'kuyamba nyimbo ya pamaliro. Limbani ndi Tadala anathamangira kumadzi, koma atacheuka anaona a Kachingwe ataima pomwe paja, ambulera ili m'manja, maondo akugundana.

"Pitani, ana anga," anatero. "Ine pano sindichoka. Mukawauze a ku Ntcheu."

"Malume, musatero!" Limbani anabwerera n'kuwerama kuti awabereke. Koma a Kachingwe anali aatali ndi olemera, ndipo msana wa Limbani unali utatha kale ndi makatoni. Anangoyenda pang'ono n'kugwada onse awiri m'madzi.

"Atsitseni!" anakuwa Tadala. "Bweretsani manja. Gwirani mkono wanga apa. Osati zala, pamkono! Bambo a Chisomo, ndikuti apa!"

Aka kanali koyamba kumuitana mwamuna wake pakamwa chichitikireni za Lamlungu lija. Anagwirana mikono mopingasa n'kupanga kampando, monga amachitira kuchipatala ponyamula wodwala, ndipo a Kachingwe anakhalapo atakumbatira makosi a onse awiri. Tinalowa m'madzi. Kuzizira kwake kunali ngati wina akukumenya ndi thabwa. Madziwo anayamba m'maondo, kenaka m'chiuno.

"Mukuthamanga!" anatero Tadala.

"Mukuchedwa ndinu!"

"Mwendo wakumanzere limodzi. Wakumanzere! Uphunzitsi wake unali wotani wosadziwa kumanzere?"

Pamwamba pawo a Kachingwe ankapemphera mokweza, maso onse awiri atatsinzina zolimba, akuulula machimo amene ena a iwo sitinkawadziwa n'komwe. Chipewa chinauluka n'kutera pamadzi, iwo osachitchula n'komwe. Titafika pakati penipeni Tadala anaponda dzenje n'kumira mpaka pachifuwa. Kampando kanapendekeka, nkhalamba inakuwa, ndipo ndinamva Limbani akufuula dzina limene anali atasiya kalekale kulitchula.

"Tadala! Ndakugwira, usasiye! Ponda apa, pali polimba!"

Anamukoka ndi mkono womwewo osamasula kampando. Zala zake zinasiya mikwingwirima imene Tadala anayenda nayo masabata angapo. Mmene tinkatulukira kutsidya, ine khosi linali litauma ndi a Nankhoma, ndipo khamu la anthu linali litasonkhana. Bambo wa nyongolotsi anatikalipira bwino lomwe, ndipo tinavomera zonse. Mayi wina wogulitsa tiyi anabwera ndi makapu otentha ndi mabulangete.

Anayamba kuseka ndi Tadala. Anayang'ana a Kachingwe atakhala pamchenga, suti ikudontha, tayi ili paphewa, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, n'kuphulika chiphwete. Anaseka mpaka kusekako kunasanduka kulira. Limbani anavula jekete yake yonyowayo n'kumufunditsa, ngakhale sinkathandiza kanthu, ndipo Tadala sanaikane.

Sindinganene kuti zonse zinathera pomwepo. Tadala anangoti notisi ija aidikiritsa mwezi umodzi. A Kachingwe, atachira chimfine, anagamula zinthu ziwiri. Limbani aimbire amayi ake, mkazi wake ali pomwepo, awauze zoona za amene anabweretsa mnzake. Ndipo Tadala aitane alendo omwe aja, panyumba pomwe paja, abweze mawu ake, chifukwa mawu olankhulidwa pagulu sabwezedwa kuchipinda. Zonse ziwiri zinachitika, ndipo zonse zinali zowawa kuzionerera. Mwezi unatha, wina unatha, nkhani ya ku Liverpool sinamvekenso.

Pofika Khirisimasi a Kachingwe anali atayamba kuuza anthu kuti zonse zija inali pulani. Ati anaona kuti mawu akanika, ndiye anaganiza zowapatsa ana aja katundu woti anyamule limodzi. A Nankhoma akamva zimenezi ankachita kuimirira. Ankafunsa ngati inalinso pulani kuti nsapato yawo ikokoledwe ndi madzi mpaka ku Holland, komanso ngati machimo aja anawaulula mwa pulani. A Kachingwe ankati nkhoswe wabwino amalowa m'sewero ndi mtima wonse. Mkangano umenewu sunathe mpaka imfa, ndipo ine, amene ndinaona maondo a nkhalambayo akugundana tsiku lija, ndinkangokhala chete. Chimene chinasintha n'chakuti paulendo uliwonse wotsatira ankayamba apita kukafunsa asodzi kuti nyanja ibwera nthawi yanji, ndipo idzera mbali iti.

Mapepala awo anatuluka patapita zaka zingapo, ndipo sanakhalitse nawo. M'mawa wina anagwa m'bafa, mbali yakumanja n'kufa ziwalo. Atatuluka m'chipatala zinali zoonekeratu kuti sangakhalenso okha, ndipo panali maganizo owapititsa kunyumba yosungira okalamba. Tinaitanitsa msonkhano kuti tikambirane, koma tsiku lake lisanafike tinamva kuti Limbani ndi Tadala awatenga kale. Anawapatsa chipinda cham'mwamba, choyandikana ndi bafa. Koma a Kachingwe, ngakhale pakamwa panali patapindika, anakana kudyera kuchipinda ngati mkaidi. Ndiye madzulo alionse amene onse awiri anali pakhomo, ankagwirana mikono mopingasa, kuwatsitsa pamasitepe opapatiza aja kuti akadye ndi banja, akatha n'kuwakwezanso. Mashifiti awo anawasintha kuti zimenezi zizitheka. Nkhalambayo inkadandaula njira yonse kuti akuigwedeza, iwo n'kumalozana chala kuti wogwedezayo ndani. Anamwalira m'nyumba imeneyo, ndipo thupi tinalitumiza ku Ntcheu.

Lamlungu lapitali ndinapita kukawaona. Pokwera masitepe ndinaona mizere iwiri yakuda pakhoma, wina mbali iyi wina mbali inayo, pamene mapewa awo ankakhula. Limbani anagula penti kalekale kuti akonze khomalo ndi chipinda chomwe, Chisomo asamukiremo poti wakula. Tadala akuti bulashi isayerekeze kukhudza paliponse.

"Achimwene, nkhani ya pentiyi yafika povuta," anandinong'oneza Limbani tili pamwamba. "Takangana kale kangapo. Koma tikaitule kwa yani?"

"Ndakumvanitu," anatero Tadala ali pansi pa masitepe, akuseka, koma maso ali ofiira.

Chitseko cha chipindacho chinali chotsegula. Bedi la kuchipatala analibweza kwa eni ake, ndipo pakapeti patsala timaenje tinayi pamene panali miyendo yake. Pamsomali wa kuseri kwa chitseko pali hang'ala yopanda kanthu, pakuti suti inapita ndi mwini wake. Zenera ndi lotsegula pang'ono monga ankafunira, katani ikugwedezeka. Pakona pali chitini cha penti chosatsegula, bulashi yatsopano ili pamwamba pake. Tadala anakwera n'kudzaima pambali pa mwamuna wake, ndipo tinakhala pakhomopo tonse atatu kwa kanthawi, popanda wolowa.